Bambo Tinawapeza ku Linga

Achimwene a Kwamena,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Kuno ku Elmina mitima yakhala pansi tsopano.

Lachiwiri lapitali bambo anasowa. Poti masiku ano akumaiwalaiwala, tinkaopa kuti atenga bwato n'kulowa m'nyanja okha. Gombe lonse tinalisakasaka.

Tinakawapeza ku linga la Apwitikizi lija, pakati pa alendo odzaona zakale, atatsamira mzinga wadzimbiri, akuyang'ana mafunde.

Ndinati, "Bambo, ife timayesa mwapita kokapha nsomba."

Iwo anati, "Mayi, munakulira kuti inu? Lachiwiri nyanja imapuma, msodzi salowamo."

Ndinaseka mpaka misozi. Tsiku akulidziwabe, achimwene, ndipo akudya bwino. Kungoti pobwerera anandithokoza kwambiri, n'kundifunsa kuti ndine mwana wa yani.

Musachite kudikira Khirisimasi kuti mudzawaone.

Ndine mlongo wanu,
Araba