A Marko Afunsa Ngati Bambo Awo Akudya

Lachinayi. Kwazizira kuno ku Lawrence, ku America, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Madala amene ndimawasamalira angomwa masipuni atatu a supu tsiku lonse. Kwawo ndi kadziko kena ka ku Ulaya, komwe mwana wawo, a Marko, ndi mkulu wa asilikali. Dzikolo likufuna kulowa mumgwirizano wankhondo wa mayiko akuluakulu, ndiye zonse zikusintha. Mfuti zakale akuzitaya, tchuthi akupereka mwa apo ndi apo, ndipo mkulu aliyense wolephera mayeso a Chingerezi amupumitsa ntchito. Munthu waimvi kumaloweza mawu ngati mwana wa pulayimale!

N'chifukwa chake akaimbira foni bambo awo, amapempha kuprakitisa Chingerezicho ndi ine. Lero afunsa pang'onopang'ono, posankha liwu lililonse, ngati bambo awo akudya. Ine ndangoyankha monga timachitira kwathu kuti akupezako bwino. Aseka mosangalala, n'kunena kuti basi ayambe athana ndi mayesowo, adzabwera pa Khirisimasi.

Nditadula foni ndinakumbukira za kumudzi. Achemwali anandiuza mawu omwewo za amayi, ine ndili pa shifiti ku South Bend. Kwathu sitiopseza munthu amene ali kutali, timayembekeza kuti amva yekha. Ine sindinamve, ndinakafika atawaika kale m'manda. Nanga a Marko, oti si Mmalawi, amva bwanji?

Madzulo ano madala anandigwira dzanja, akunditchula dzina la mwana wawoyo. Ndinangovomera.

Mawa ndiimba ndine. Ndilankhula Chingerezi chophweka, choti asachiphonye ngakhale pang'ono. Bwerani tsopano, a Marko. Mayeso amalembedwanso.