Tayala la Mbali Inayo

Lolemba, 9 Juni
Kuno ku Domwe kwazizira, zala sizikugwira n'komwe sipanala. A mana Vânia, akulu anga, aimba foni. Loweruka adzatenga ababa, azikakhala nawo ku Tete. Akuti ndimawasiya pampando ngati thumba la mbatata, ine ndili kunsi kwa galimoto. Zandiwawa, poti pena n'zoona. Chifereni ziwalo, ababa sanatulutsepo mawu. Komabe akapita ndizidya ndi yani?

Lachiwiri, 10 Juni
Kayisha, chibokosi cha magiya, yafika panjinga kuchokera kumalire ku Kalomwe, wonyamulayo akutukwana njira yonse. Ndi ya kagalimoto kofiira kaliwiro komwe a padiri a ku Italiya anasiyira ababa. Magiya ndi diferensiyali, yogawira matayala mphamvu, zili m'chibokosi chimodzi kumbuyo, ndipo yakaleyo inatha mano. Iyi yachoka m'kanzake koolera ku Dedza. Wogulitsa analumbira kuti ndi ija yokoka matayala onse awiri m'matope, yomwe ababa ankailakalaka ndili mwana.

Ndawaonetsa ababa. Angoyang'ana nkhuku.

Lachinayi, 12 Juni
Ndaikweza ndekha, makako, jeke yathu, mbali ino, chifuwa changa mbali inayo. Yanditswa chala. Ndalira pansi pomwepo, osati chifukwa cha chalacho ayi. Ofisina yonse yokonzeramo galimoto zii, ndimangofotokozera ababa bawuti iliyonse ngati wamisala.

Lachisanu, 13 Juni
Yalowa. Ndawachapira zovala zapaulendo.

Loweruka, 14 Juni
A Vânia afika m'mawa, chikwama cha ababa chili kale pakhomo. Ndawapempha akulu angawo kanthu kamodzi. Galimoto ili m'mwamba, ine ndizunguza tayala lino, iwo ayang'ane linalo. Likatsata lino, kayisha ndi yeniyeni. Likabwerera m'mbuyo, ndi wamba. Munthu mmodzi sungaone mbali zonse.

"Likuzungulira," atero.

"Kulowera kuti, mana?"

"Dércia, ine ndidziwa bwanji? Likungozungulira basi!"

Kenaka kumpando kuja, mawu olemera ngati a munthu wodzuka kumene:

"M'mbuyo. Anakupusitsa."

Tonse tinatembenukira kwa ababa. Sabata yathunthu yapita pachabe, koma ine kuseka, misozi ili mbwee. Ababa anali atakwinya nkhope, akuloza sipanala ndi dzanja lamoyolo.

"Tsitsa kayishayo," atero.

A Vânia anakhala pa tayala lakale, nsapato zawo za ku tauni zili m'oyilo, n'kufunsa ngati m'nyumba muli bulangete lina loti afunde usikuwo.