Ndinawaikira magetsi m'dziwe, asiya kusambira

Aphungu,

Ndine bambo wopuma pantchito. Ndikulemba kalatayi ndili pakhonde, ndikuyang'ana dziwe losambiramo limene anthu onse a mumsewu mwathu amalisirira, koma mulibe wosambiramo.

Dziweli tinalipeza pogula nyumbayi. Ine madzi ondikwana ndi a m'bafa, ndiye kwa zaka zambiri munkangogwera masamba. Zinthu zinasintha chaka chatha, mayi akunyumba atachitidwa opaleshoni ya khansa n'kuchotsedwa bere lakumanzere. Anachira, tikuthokoza Mulungu, koma mkono wa mbali imeneyo unkatupa ndi kuuma. Adokotala anati kusambira kungathandize. Ndinakonzetsa dziwe lija, mwana wathu wamkazi anawaphunzitsa ali patchuthi, ndipo mayi aakuluakulu aja anayamba kudula madzi ngati anabadwira momwemo.

Chinthu chimodzi chokha chinkandiwawa. Ankasambira kukada basi. Dzuwa likangolowa ankavala chovala chosambira, kusiya kuchipinda kasiponji kamene amaika m'kamisolo masana, kufunda thawulo mpaka m'khosi, n'kudzera kuseri kwa khitchini kukalowa m'madzi mwakachetechete. Ngakhale getsi la pakhonde ankati ndizimitse. Ine ndinkangomva khuvu khuvu mumdima, mtima n'kumandipweteka. Mwamuna wathunthu ngati ine, mkazi wanga azisambira mumdima ngati chule? Nanga anthu a m'nyumba zosanja zimene zamangidwa kuseri kwa mpanda wathu aziti chiyani? Aziti bamboyo ndi woumira, akukanika kugula babu.

Tsono mayi atapita kukacheza kwa mng'ono wawo, ndinaitana mlamu wanga, amene timamutcha Injiniya chifukwa amakonza mawailesi ndi maayironi. Tinakagula magetsi a pansi pa madzi, osinthasintha mitundu, okhala ndi karimoti. Wogulitsa anati tigulenso kabokosi kochepetsa mphamvu ya magetsi, koma Injiniya anandikoka malaya n'kunong'ona kuti, "Alamu, amenewa akufuna kukudyerani. Kotere ndili nako kunyumba, ndinachotsa m'wailesi yakale." Anakaika m'kachitini pafupi ndi dziwe kuti kasanyowe, mawaya analumikiza ndi tepi yakuda, n'kuwadutsitsa pawindo mpaka pasoketi ya m'khitchini. Ntchito yaukhondo, sindinama.

Tsiku limene mayi anabwerako, ndinaitana mnzanga wa kuntchito kwakale ndi akazi ake. Ndinawakhazika pakhonde mumdima pamodzi ndi Injiniya, ndi kuwachenjeza kuti asayerekeze kutsokomola. Mayi analowa m'madzi mwa masiku onse, osadziwa kanthu. Ndinadikira kuti afike pakati penipeni, kenako ndinadina karimoti kaja.

Aphungu, kukongola kwake! Madzi onse anasanduka buluu wowala, chilichonse chikuoneka, ndi zala za kumapazi zomwe. Alendo anaomba m'manja. A m'nyumba zosanja anatulukira m'makonde mwawo, wina anaimba mluzu, wina anatulutsa foni.

Mayi anasambira mothamanga kukagwira khoma la kwakuya, n'kutifulatira, madzi ali m'chibwano. Anati, "Bambo, zimitsani." Ine ndinayesa kuti sanaukonde mtunduwo, ndiye ndinadina wobiriwira. Anatinso, "Zimitsani, chonde." Ndinadina wofiira. Apo chala chinaphonya n'kukadina paja magetsi amaphethira ngati kudansi, ndipo karimoti kanasiya kundimvera. Akazi a mnzanga ndi amene anadzuka, kutola thawulo, kukagwada m'mphepete n'kuwafunditsa potuluka. Podutsa pamene ndinaima, mlendoyo anandiyang'ana ngati ndapha munthu. Zakumwa zimene ndinagula zinabwerera m'firiji zosatsekula.

Chichokereni tsikulo mayi sanapondemo. Sanandikalipire. Ndikawafunsa amangoti, "Ndi okongola, bambo. Mwachita bwino. Sambiranimo." Chonsecho akudziwa kuti ine sinditha. Madzulo aliwonse ndimayatsa kuti mwina akopeke, iwo amangotseka makatani. Injiniya anati awalimbitse mtima polowa yekha, koma anangofika m'mawondo n'kutuluka msanga. Akuti makwerero achitsulo akunyerenyesa pang'ono, koma ndi chifukwa choti magetsi akadali atsopano, akhazikika.

Chikundidetsa nkhawa n'chakuti mkono uja wayambanso kutupa. Dzana ndinawaona akuyesa kufikira shelefu ya makapu, mkono osakwera, mpaka anakoka mpando. Ndinati ndiwathandize, anati asandivutitse.

Ndiye ndithandizeni. Kodi ndichotse amitunduwa ndiike oyera okhaokha? Kapena achepa, ndiwonjezere ena m'makona? Injiniya akuti azimayi amakonda apinki. Zonsezi ndinachita chifukwa cha chikondi, nanga kusayamikaku kukuchokera kuti?

Ine wanu wothedwa nzeru,
D.L.M., mtauni muno


Bambo D.L.M.,

Musanapitirize kuwerenga, dzukani, pitani kukhitchini mukazule pulagi ija. Ndikudikirani.

Mwazula? Tiyambe ndi makwerero. Magetsi si nsapato kuti akhazikika mukamawagwiritsa ntchito. Chitsulo cha m'dziwe chikamanyerenyesa ndiye kuti magetsi akuthawira m'madzi, ndipo munthu akakhala m'madzi sipafunika ambiri kuti manja ndi miyendo ziume, n'kumira anthu akuona. Musalowe munthu aliyense m'dziwemo, ngakhale kuviika dzanja, mpaka katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso adzaone. Achotse kabokosi ka m'wailesi kaja aike koyenera, pamalo ouma kutali ndi madzi. Aikenso swichi yodzizimitsa yokha magetsi akayamba kuthawa, mawaya adutse m'mapaipi, ndipo ayese madziwo ndi zipangizo, osati ndi mawondo a alamu anu. Injiniya mumuthokoze bwinobwino, mumufunire ayironi yoti akonze.

Tsopano za mayi. Yankho munalemba nokha m'kalata yanu, kungoti simunaiwerenge. Munthu wachotsedwa bere, akufunda thawulo mpaka m'khosi, akudzera kuseri kwa khitchini, akupempha kuti ndi getsi la pakhonde lomwe lizime. Inu n'kuona kuti chimene akusowa ndi babu? Mumdima muja ndi mokhamo mmene ankatambasula thupi lawo popanda wowayang'ana pachifuwa. Inu munaitana oyang'ana, kuwapatsa mipando, n'kuyatsira ena a pamwamba kuti asaphonye. Munada nkhawa kuti aneba aziti chiyani za inu. Zoti aziona chiyani pa akazi anu simunaganizeko.

Chikondi chanu sindikuchikayika. Mwamuna wosasamala sakanaona kuti mkono sukufika pashelefu. Koma mphatso ija munadzigulira nokha, mayi munangowaika pakati kuti iwoneke bwino. Ndiye nkhani ya kusayamika muisiye kaye.

Apepeseni lero, muli awiri. Musayambe ndi mmene munavutikira, ndipo mawu oti "koma" asatuluke m'kamwa mwanu. Tchulani cholakwacho mosazungulira: munawaonetsa kwa anthu iwo asakufuna. Akakhala chete, inunso khalani chete, musathamangire kufotokoza za mitundu. Kenako mukagogode kwa uja anatulutsa foni, mumupemphe mwaulemu kuti ngati anajambula afufute inu mukuona. Manyazi a ulendo umenewo musenze ndinu.

Mkonowo usadikire kuti mugwirizane. Apite kwa adokotala sabata ino, akawauze zina zoti azichita kunyumba pamene dziwe likukonzedwa.

Katswiri akamaliza, afunseni mayi chimene akufuna. Mwina ndi chotchinga mbali ya nyumba zosanja. Mwina ndi kagetsi kamodzi kofooka pamakwerero kuti asaterereke. Mwina ndi mdima wawo womwe uja. Akati magetsi achoke, achoke. Akati akhale, karimoti kazikhala ndi iwo. Kusambira wekha mumdima kuli ndi ngozi yake, choncho muzikhala chapafupi, chingwe kapena ndodo yaitali ili pambali. Ndipo popeza mlonda wosatha kusambira ndi woonerera chabe, apempheni akuphunzitseni, iwo ali pamtunda atavala zovala zawo. Muphunzire masana dzuwa likuswa mtengo, muli ndi kakabudula, mimba ili poyera, a m'makonde akuonerera mukumwa madzi. Sabata isanathe mudzakhala mutamvetsa zimene ndalembazi.

Chenjezo langa ndi ili. Akazi anu sanakalipe, ndipo amuna ambiri amayesa kuti kusakalipa ndi kukhululuka. Munthu akayamba kukuuzani kuti asakuvutitseni, ndiye kuti wayamba kuphunzira kukhala popanda inu, ngakhale mukugona nyumba imodzi. Musachedwe. Ndipo tsiku lina mukadzamva mumtima mukubwera nzeru ina yowadzidzimutsa, kaya ndi nyimbo za pansi pa madzi kaya kasupe wothovoka pakati, khalani pansi mudikire idutse. Ikakana kudutsa, kafunseni eni thupi. Akati ayi, nkhani yathera pomwepo.

Aphungu