Mzere umodzi wa alamu ukuziziritsa mazira

Aphungu,

Amene akulemba kalatayi ndi mayi a kunyumba, ine ndikungoyankhula, ndiye mukaona nkhani ikupita uku ndi uku, ndi ineyo. Sukulu ndinalekezera panjira.

Ndimagwira ntchito m'kashopu ka alamu anga, achimwene awo a mayi akulembawa. Timapanga makina ofungatira mazira. Poyamba yanga inali yolumikiza mawaya basi, koma alamuwo anandiphunzitsa kuwerenga pulogalamu ya m'chinenero cha kompyuta cha C imene timaika m'kabolodi koyendetsa makinawo. Ndi munthu wabwino. Ayi, lemba, ndi wabwino ndithu.

Kabolodika kamayatsa ndi kuzimitsa chotenthetsera, komanso mphindi khumi zilizonse kamalemba kutentha kwa m'kati pamndandanda. Mndandandawo ukadzaza, pulogalamu imapempha malo ena m'memore, mosungira zinthu mwa kabolodiko. Mzere wake ndinauloweza: mndandanda = realloc(mndandanda, kukula). Pansi pake palibe chofunsa ngati malowo apezekadi. Imangopitiriza kulemba.

Mwezi watha mayi ena oweta nkhuku anabweza makina awo. Makinawo anaima pa tsiku la 16, kutatsala masiku asanu kuti anapiye aswe, mazira onse ozizira ngati miyala. Alamu anati, "Ndi magetsi a kwanu, mayi." Mayiwo anati, "Makina ena amene ndinagula kale anaimanso tsiku lomweli. Magetsi a kwathu amawerenga kalendala?" Ine ndinaseka. Pamenepo ndinalakwa, ndikuvomera.

Makinawo ndinawaika pabenchi ya pakona, opanda mazira, n'kusintha kuti azilemba sekondi iliyonse m'malo mwa mphindi khumi. Ndinatenga tsache. Ndisanamalize kusesa ndi kulongedza mawaya, anali ataima, wailesi ya pasoketi yomweyo ikuimbabe. Ndinabwereza katatu, chimodzimodzi.

Nditawauza alamu, anati, "Palaputopu panga pulogalamuyi yayenda sabata yathunthu osatsokomola. Iwe gwira waya wako." Sanakalipe, anangonena.

Tsopano Lachisanu likubwerali makina makumi awiri akupita ku gulu la alimi, pulogalamu yake yomweyi. Ndikalimbikira, anena kuti ndakhuta, poti amene anandionetsa pobanda kompyuta ndi iwowo. Ndikakhala chete, mazira a anthu azizira. Ndinaganiza zongosintha mzerewo iwo atapita kukadya masana, koma kunena zoona sindikudziwa bwinobwino cholembapo. Mayi akulembawa akuti ndifupikitse, dzanja latopa. Nditani?

M.D., mtauni

*

A M.D.,

Mwaupeza. Vuto ndi mzere womwewo, ndipo kuyesa munachita ndi tsache m'manja kuja n'kumene alamu anu akanayenera kuchita asanagulitse makina oyamba.

Realloc ili ngati eni nyumba amene mwawapempha chipinda chokulirapo. Nthawi zina amakulitsa chomwe mulimocho. Nthawi zina amakusamutsirani kwina n'kukupatsani keyala yatsopano. Nthawi zina amati malo palibe, ndipo yankho limenelo ndi NULL. Akatero, chipinda chakale chimakhala chikadali chanu, katundu ali momwemo. Koma mzere wa alamu anu umalemba yankholo pamwamba pa keyala yakale usanaliwerenge n'komwe. Keyala yafufutika, katundu simungamupezenso, ndipo pulogalamu ikalemba pa NULL, kabolodi kamasokonezeka n'kuima. Laputopu ili ndi malo ngati bwalo la mpira, singakane msanga. Kabolodi kanu ndi kachipinda ka mlonda.

Chochita nachi. Yankho la realloc lilandireni m'dzina lina, tinene kuti watsopano. Funsani kaye ngati ndi NULL. Ngati si NULL, pamenepo ndiye mulembe mndandanda = watsopano, n'kusintha nambala ya kukula. Ngati ndi NULL, mndandanda wakale musaukhudze. Lekani kulemba kutentha, yatsani kanyale kochenjeza, koma chotenthetsera chipitirize ntchito. Mwanapiye sasamala za mndandanda, amafuna kufunda.

Muyang'anenso ngati pali dzina lina m'pulogalamu limene limasunga keyala ya m'kati mwa mndandandawo, monga malo olembedwa pomaliza. Mndandanda ukasamuka, dzinalo limatsala likuloza chipinda chimene mwatulukamo. Sungani nambala ya malowo, osati keyala. Ndipo malo mukawabweza ndi lamulo la free, bwezani kamodzi kokha, dzinalo muliike NULL.

Ndikuuzeninso poyera, pa kabolodi kakang'ono chonchi ine sindikanakulitsa mndandanda ayi. Ndikanapatula malo okwanira kamodzi makina akamayaka, akadzaza n'kumalemba pamwamba pa zakale kwambiri. Koma zimenezo mukambirane Lachisanu litadutsa, kapena mulisunthe Lachisanulo.

Zosintha mobisa iwo ali kukadya, ayi. Shopu ndi yawo, ndipo akadzakopera pulogalamu ya palaputopu pawo m'makina ena, vuto lidzabwerera inu muli pakhomo. Musatsutsane nawonso pakamwa, mwaona kale kumene zimathera. M'mawa, makasitomala asanafike, ikani makina awiri pabenchi, ena a mzere wakale, ena okonzedwa, onse akulemba sekondi iliyonse. Muwauze kuti, "Alamu, pali chimene sindikuchimvetsa, tandionerani." Kenako tengani tsache lanu. Asiyeni aone okha ena akuima, ena akuyendabe. Akadzanena kuti anali atayamba kale kukayikira mzere umenewo, vomerani. Inu mukufuna anapiye, osati chikho.

Koma samalani. Kukonza mzere sikutanthauza kuti mwamaliza. Makina okonzedwawo muwakakamize mpaka malo athe, muone ndi maso anu kuti kanyale kayaka ndipo chotenthetsera chikugwirabe. Amene sanayesedwe chonchi asatuluke pakhomo, ngakhale galimoto ya alimi itaima panja. Ndipo mayi anabweza makina aja auzidwe zoona, alamu asamangoimba mlandu magetsi.

Alamu akakana kuyang'ana pabenchipo, musavutike kufuna mkhalapakati. Mlongo wawo, mayi a kunyumba kwanuwo, walemba nkhani yonseyi ndi dzanja lake, ndipo mzere uja tsopano akuudziwa. Mutumeni iyeyo. Kwa iye sanganene kuti gwira waya wako.

Aphungu