Mayi wa Nsapato Imodzi

Lolemba, 3 Juni

Adokotala akuti opaleshoni ya chotupa ndi Lachisanu. Mayi a kunyumba akana. Akuti, “Sindikagona pa tebulo lija ndisanaone mathero a filimu yathu.” Mwana wathu wakalipa, watuluka.

Filimuyo tinaonera mu holo tili pa chibwenzi. Mayi wina akuthamangira sitima, nsapato imodzi yavuka, sitima yayamba kuyenda. Pomwepo chinsalu chinangoti mbee! Anati tepi yaduka. Mpaka lero timakangana. Iwo amati anakwera, ine ndimati anatsala.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndapita kwa wokopera mafilimu. Akuti, “Dzina lake, madala?” Dzina ndilitenga kuti? Nthawi imeneyo tonse awiri zilembo tinkangoziona ngati nyerere. Ndati ya mayi wa nsapato imodzi. Waseka. Wandionetsa zina, nsapato zonse zili kumapazi.

Lachitatu, 5 Juni

Mayi a kunyumba sanadye. Chotupa chija chikuoneka ndi pa malaya pomwe.

Lachinayi, 6 Juni

Holo ija pano amagulitsamo matayala. Mlonda wandilozera kwa mkulu amene ankazunguza makina a kanema. Ndamupeza pakhonde, maso anachita khungu, koma mutu uli bwino. Nditangoti nsapato, wati, “Ya sitima!”

Kenako akuti, “Achimwene, tepi ija sinaduke. Chitini cha tepi yomaliza sichinabwere n'komwe. Tinkangozimitsa. Mathero ngakhale ine sindinawaone.”

Ndakhala pa sitepe mpaka miyendo kuchita dzanzi.

Kunyumba andiyang'ana m'manja. Mulibe kanthu. Ndati filimu palibe, koma ndapeza amene ankaionetsa. Ndisanapitirize andigwira pakamwa. “Musanene. Sungani. Mukandiuze ndikadzuka.” Auza mwana alonge chikwama.

Lachisanu, 7 Juni

Alowa nawo m'mawa. Anesi andipatsa nsapato zawo, ndazifumbata pa benchi. Chitseko chikatseguka ndimaimirira, koma ndi za ena. Mwana akuti bambo khalani pansi. Ndikhala bwanji?

Loweruka, 8 Juni

Atsegula maso dzuwa litapendeka. Milomo youma. Ndaweramira pafupi.

“Anakwera?”

“Anakwera, mayi.”

Andiyang'ana nthawi yaitali. “Bodza lanu limaonekera pa mphuno, bambo inu.”

Kenako akuti, “Nanga nsapato ija anaitola ndani?”

Ndakoka mpando.