Tsiku Limene Sindinawayankhe Ababa

Lamulungu, 6 Okutobala 2024

Koma zinazi! Misa itatha a Blasius, akatekisiti athu pano pa Nkaya, anandiitanira kuseri kwa tchalitchi. Akuti mphakati wasankha ine kuti ndizipititsa Ukaristia kwa odwala. Ine! Scholastica wa mandasi, amene ku kwaya anandipempha kuti ndizingoomba m'manja, kubungwe la amayi n'kuyambana ndi mlembi ndisanathe mwezi. Ndinawafunsa ngati anthu atha mumphakatimu. Anangoseka.

Kunyumba mwamuna wanga Raymond wafa nalo phwete. "Iwe, ndi pakamwa pakopo?" Ndamugenda ndi chitsononkho. Koma mtima sukukhazikika. Chibatizidwire ndakhala ndikufunsa: Ambuye, munanditulutsa mumzikiti, ndinadana ndi ababa, zonsezo kuti ndidzachite chiyani? Kutenthetsa benchi la kumbuyo basi?

Lachinayi, 10 Okutobala

Ku Balaka, maphunziro. Asisiteri atipatsa aliyense kambale kotseka, kochepa ngati chivindikiro cha botolo, ndi kathumba kake kopachika m'khosi. Munalibe kanthu. Mulungu amene analenga mapiri onse a Machinga kukwana mmenemu?

Asisiteri: "Mukanyamula Ambuye, ulendo ndi wa kwa wodwala. Osaima panjira, osacheza, osagula tomato." Ponena za kucheza anayang'ana ine. Wawauza ndani?

Lachisanu, 11 Okutobala

Ababa monga mwa masiku onse. Ndadutsa pakhonde pawo posokera, ndatula beseni, ndagwada. "Mwadzuka bwanji, ababa?" Makina okha kuyankha, khwe khwe khwe. Chisiyire ine Chisilamu, ababa angawa, Che Twalibu, sanandilankhulepo, ngakhale pa maliro a amayi anandidutsa ngati chitsa. Koma sindiphonya m'mawa ndi umodzi womwe. Liwu limodzi lokha, Ambuye, asanafe iwo kapena ine.

Wodwala amene andipatsa ndi a Sabina, amayi akhungu aja a kutsidya kwa njanji. Njira yake ndi imodzi, ya pakhonde pa ababa pomwepo.

Lamulungu, 13 Okutobala

Ndiyambire pati kaya.

Ansembe atandiikira kambale kaja m'manja, muli Ukaristia, ndinakalowetsa m'kathumba. Ndinatuluka dzanja lili pachifuwa. Dzuwa lija, fumbi lija, mbuzi, anyamata a kabaza akukangana pa siteshoni, zonse zamasiku onse, koma ine ndikuyenda ndi Yesu pakati pake. Ndinkaponda pang'onopang'ono ngati ndasenza madzi odzaza ndowa. Chibadwire sindinakhalepo chete chonchi. Sikunali kudzigwira iyayi, mawu anangondithera okha.

Ndiye pakhonde paja. Ndinawaona ali pa makina. Ndinaweramitsa mutu n'kupitirira, osagwada, osanena kanthu.

Makina anaima.

"Habiba."

Dzina limene anandipatsa iwo. Mawu anakalamba, mayo ine! Ndinali nditawaiwala mamvekedwe ake.

"Habiba! Ajimwiche uli?"

Kundipatsa moni, m'Chiyao chathu! Chinthu chimene ndachilirira zaka zonsezi, kubwera lero, ola limeneli. Miyendo inafuna kutembenuka. Kumbali kuno mawu a asisiteri, osaima panjira, ndipo pansi pa dzanja langa pali Mwini wake. Sindinaime. Ndinaoloka njanji misozi ili chuchuchu.

A Sabina ndinawapeza atasamba kale, avala chitenje chatsopano, akhala pamphasa. Ndisanaodire n'komwe anati, "Afika." Osati wafika Scholastica iyayi. Afika. Nditati "Thupi la Khristu," Amen wawo anachokera pansi pa mtima. Kenako anandigwira dzanja nthawi yaitali, akuti kuchokera pa Pasaka anali asanalandire.

Pobwerera ndinathamanga. Khonde lili mbee, makina alowetsa, chitseko chotseka.

Lolemba, 14 Okutobala

Chotsekabe. Ndagwada pakhomo n'kupereka moni kwa chitseko.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndawafotokozera a Blasius. Iwo amvekere, "Aa, mayi, kuyankha moni wa bambo anu si kucheza. Mukanangoti ndadzuka, ndibwera, n'kumapita." Ha! Lero ndiye akundiuza? Ndawalalatira mpaka nkhuku zawo kuthawa. Kenaka ndapepesa, poti wopusa ndi ine. Ndawauza kuti kathumba kawo ndibweza, apatse wina wamutu wabwino. Akuti ndidikire Lamulungu.

Raymond sakusekanso. Akuti ababa mwina apita ku Chikweo kwa achemwali awo. Mwina. Kapena ababawo akuti, mwana uja tsopano wadzikuza, ndamuitana pamaso pa anthu n'kundisandutsa galu.

Ambuye, ndakwiya nanu, ndinene poyera. Munandipatsa ntchito ndi dzanja ili, ababa n'kundilanda ndi linalo. Komabe ndikakumbukira a Sabina akuti "Afika," thupi lonse limachita tsembwe. Ndibweze bwanji chinthu chotere?

Lachitatu, 16 Okutobala

Mandasi apserera. Sindinadutseko, ndazungulira kumsika. Mantha.

Lachinayi, 17 Okutobala



Masana ndili pa siteshoni ndikukazinga, ndangoona mthunzi pabeseni. Kudzutsa mutu, mkanjo woyera, kofiya, ndodo. Ababa. Ndinagwada pafumbi pomwepo, chipande chili m'manja.

"Dzulo sunadutse," anatero.

Ndinayamba kulongolola, pepani ababa, sichinali chipongwe, asisiteri anati, a Blasius akuti... Anakweza dzanja.

"Pakamwa pa amako. Tangokhala chete." Anakhala pa njerwa zimene ndimakhalapo pokazinga. "Lamulungu lija unanyamula chiyani pachifuwa?"

"Mulungu wanga, ababa."

Anapukusa mutu. "Zimenezo ine sindivomera, ndipo sindidzavomera. Mulungu sanyamulidwa m'kathumba." Anayang'ana kunjanji kanthawi. "Koma nkhope ija ndikuidziwa. Munthu akakhala pa swala, akupemphera, sayankha moni, ngakhale amuitane bambo ake. Ndinazindikira utaoloka kale. Manyazi anandigwira, n'chifukwa chake ndinatseka."

Ndinawafunsa kuti nanga anandiitaniranji, zaka zonsezi ali duu.

"Unadutsa osandipatsa moni. Ndinati basi, mwana uja watopa nane." Anapukuta m'maso ndi mkono wa mkanjo. "Ine m'mawa uliwonse ndimadikira moni umene uja, Habiba."

Ndinalira ngati mwana, pamaso pa makasitomala. Mafuta akupsa, utsi tolo, ine osaona. Iwo ndi amene anachotsa chiwaya pamoto.

Ponyamuka anafunsa ngati Lamulungu likubwerali ndidzadutsanso ndi katundu wanga uja. Ndinati inde ababa, ndidzadutsa.

"Popita sindidzakuitana," anatero. "Koma pobwerera udzaime."