Chala cha Ababa

Achimwene,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kwa Dzoole tilipo, koma Ababa ndiwo sali bwino kwenikweni.

Mwezi wathawu chala chawo chachikulu chakumanja chinatupa. Poti inali nthawi yosoka fodya, tonse tinangoti adzibaya ndi singano. Amayi anachithowa ndi madzi amchere masabata atatu, koma osaphwa.

Titapita kukatenga mankhwala awo aja a khansa ya pulositeti, yogwira amuna ija, adokotala anachiona chalacho Ababa akupereka buku lakuchipatala. Anatitumiza ku Lilongwe kukajambulitsa, ndipo kwapezeka kuti khansayo yalowa m'fupa.

Ndinafunsa kuti, "M'chala? Paja munati tizitchera khutu akadandaula msana kapena chiuno."

Adokotala anati kawirikawiri imapitadi kumeneko, koma mwa apo ndi apo imakatulukira kutali, ngakhale m'nsagwada.

Ababa anangoti, "Nanga fodya wanga asoka ndani?"

Ndikusoka ndine. Iwo amakhala pambali m'chigafa, n'kumandidzudzula kuti ndikuthinitsa masamba. Ululu wachepa ndi mankhwala.

Chaka chino musatumize katundu ayi, ndipo musadikire Khrisimasi. Bwerani eni akenu fodyayu asanapite kumsika.

Mulungu akuyendetseni bwino panjira.

Ine mlongo wanu,
Tiyamike